Mapazi a Tanti Ermine ndi Thandala Lachitatu

Kapepala kotsatsa maulendo kamene amagawira alendo m'sitima zapamadzi kali ndi zithunzi zisanu ndi chimodzi. Pali mathithi, pali gombe la mchenga woyera, pali pusi atakhala paphewa la mzungu, pali fakitale ya mowa wa ramu, pali anthu oviika nkhope m'nyanja kuonera nsomba. Chithunzi chomaliza ndi cha mapazi awiri ali m'njere za koko. Nkhope palibe, dzina palibe. Pansi pake analemba kuti alendo abwere adzavine koko ndi anthu ansangala a pachilumba. Mapaziwo ndi a Tanti Ermine Calliste a kuno ku Morne Sabot (Tanti ndi mmene timaitanira azakhali ndi amayi achikulire kuno), ndipo ndikaona kapepalako mtima umandiwira mpaka lero.

Ndaphunzitsa pasukulu ya pulayimale ya m'mudzi muno zaka makumi atatu ndi ziwiri. Sukuluyo ili kutsidya kwa msewu, moyang'anana ndi bwalo limene bungwe la alimi limayanikirapo koko, choncho ntchito ya a Tanti Ermine ndaionera pawindo la kalasi moyo wanga wonse wauphunzitsi.

Anayamba ntchitoyi ali ndi zaka khumi ndi zisanu, bwalolo likadali la mwini esiteti. Anakwatiwa ndi Bambo Cuthbert, mlimi wa natimegi, mtengo wa njere zonunkhiritsa zakudya, ndipo anabereka ana anayi. Atatu ali kunja, mmodzi ali kumanda a kutchalitchi. Namondwe wa Ivan atagwetsa mitengo ya natimegi mu 2004, Bambo Cuthbert anangokhala pakhonde kuyang'ana zitsa mpaka anamwalira chaka chotsatira. A Tanti Ermine, m'mawa mwa tsiku lotsatira namondweyo, anali kale m'khwawa kutola malata a shedi ya koko limodzilimodzi, nyumba yawo ili yosasuka denga.

Ntchito yake ndi iyi. Alimi akabweretsa njere zaziwisi, zimavundikidwa m'mabokosi a matabwa ndi masamba a nthochi kwa sabata yathunthu. Zikachoka m'menemo zimapita pamathandala. Mathandala athu ndi anayi, lililonse lalikulu ngati theka la kalasi yanga, ndipo ali ndi magudumu achitsulo oyenda panjanji kuti azikankhidwira pansi pa shedi. Njere zimakhala padzuwa sabata inanso. Theka lililonse la ola munthu amakwera pathandala wopanda nsapato, n'kumayenda chokhwekhwereza mapazi, osawanyamula, kuti njere zapansi zibwere pamwamba. Akachedwa, zapansi zimachita chuku. Akaponda mwamphamvu, zimasweka. Pofika nthawi ya nkhaniyi a Tanti Ermine anali atayenda chonchi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi. Chaka china ana anga a sitandade sikisi anawerengera pa masamu kuti mtunda umene ayenda pamathandalapo ungawafikitse ku Toronto, kumene kuli mwana wawo Yolande, n'kubwerako kawiri. Titawauza anangoti, "Ndiye mumuuze Yolande asiye kundivutitsa ndi tikiti. Ndafikako kale."

Pabwalo pali malamulo awiri amene mwana aliyense wa ku Morne Sabot amawadziwa asanadziwe kulemba dzina lake.

Loyamba n'la fungo. Koko ndi wakuba fungo, amatero a Tanti Ermine. Utsi, dizilo, sopo wonunkhira, chilichonse chimene chamuyandikira amachimwa, ndipo sachilavula. Thumba limodzi lonunkha zachilendo limagwetsa mulu wonse pamaso pa woyesa giredi ya koko. N'chifukwa chake a Tanti Ermine sanadzolepo mafuta kumapazi nyengo ya koko chiyambire ntchito. Amasamba ndi madzi okhaokha, n'kukwecha ndi mwala. Zidendene zawo n'zong'aluka ngati dothi la m'chilimwe. Yolande amatumiza mabotolo a mafuta odzola kumapazi Khirisimasi iliyonse, ndipo onse amakathera kwa amayi a kwaya.

Lachiwiri n'la mvula. Kuno mvula imatsika m'phiri osagogoda, ndipo njere zouma theka zikanyowa, zatha. Munthu amene ali pathandala ndiye amayang'anira kumwamba. Akafuula kuti "Mvula!" aliyense womva amasiya chimene wagwira n'kuthamangira kukakankha. Sufunsa, suyang'ana kumwamba. Ukayang'ana, wachedwa kale. Ndinaonapo bambo akuthamanga ndevu zometa tsaya limodzi, thovu lili kukhosi. Ndinaonapo wansembe akukankha atapinda mkanjo. Ana anga amatuluka osapempha, ndipo ndi nthawi yokhayo imene ndimalola kuthamanga pakhonde la sukulu. Mfuu imeneyi saseweretsa. Mwana mmodzi yekha ndiye anayesapo kuifuula mwachipongwe, Kellon Belfon, mwana wa a Doris, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anasesa njanji za mathandala teremu yonse, ndipo ine ndi amene ndinamupatsa tsache.

Zaka zinayi zapitazo kampani ina ya ku St George's yotengera alendo inabwera kudzapangana ndi bungwe. Sitima zikakocheza padoko, mabasi awiri azikwera kuno pakati pa mathithi ndi gombe. Wapampando wa bungwe, Bambo Lalgie, anavomera tsiku lomwelo, ndipo sindingawadzudzule kwambiri: amayi ogulitsa mibulu ya koko wa tiyi ndi timatumba ta zonunkhiritsa zakudya anapeza msika pakhomo. A Tanti Ermine anaumirira chinthu chimodzi, kuti alendo akhale ndi kathandala kawokawo ka njere zotaya, ndipo mathandala enieni atchingidwe ndi chingwe. Zinalembedwa choncho.

Zotsalazo anazimeza. Anawasokera siketi yamawangamawanga ndi duku lalitali zimene mayi aliyense wa kuno sanagwirepo nazo ntchito. Anawauza kuti azimwetulira. Anawauza kuti aziimba nyimbo za makolo, iwo n'kumaimba za m'buku la kutchalitchi, alendo osadziwa kusiyana kwake. Ntchito imene ife timati kuyenda koko, kapepala kanaitcha kuvina. Alendowo si anthu oipa, ndimacheza nawo. Koma amafika atamatidwa manambala pachifuwa ngati katundu wa papositi, amapatsidwa mphindi makumi anayi, ndipo palibe amene amawauza kuti chimene akujambulacho ndi chakudya cha mabanja. Amauzidwa kuti pachilumba pano chilichonse n'chosewera. Sitima ikalira madzulo amapita, osadziwa ngakhale dzina la mayi amene amugwira pamapewa pachithunzi.

Wowatsogolera alendo anali Kellon yemwe uja, tsopano bambo wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, wa malaya a kampani ndi chikwangwani cha nambala m'manja. Ndimamukonda mwanayu. Anali wakuthwa pa jogirafe, waulesi pa masamu, ndipo pakamwa pake pankatha kugulitsa mchenga kwa munthu wa kugombe.

Tsiku ndikunenali linali Lachiwiri, mwezi wa February. Padoko panakocheza sitima zitatu. Pathandala lachitatu panali koko wa mabanja khumi ndi asanu ndi anayi, amene anali atauma masiku asanu, ndipo woyesa anali kubwera Lachisanu. Mwa mabanjawo, ana a mabanja asanu ndi awiri anali m'kalasi mwanga. Pa nthawi yopuma masana ndinawoloka msewu ndi nsomba yamchere ndi nthochi zophika kuti tidye ndi a Tanti Ermine pamthunzi wa shedi, monga tinkachitira kawirikawiri. Tisanatsegule n'komwe mbale, pamsewu panaima mabasi anayi m'malo mwa awiri.

Alendo anakhuthuka ngati nyerere. Kathandala kawo kamakwana anthu asanu ndi mmodzi, ndipo pamzere panali oposa zana. Kellon anabwera akumwetulira mano onse.

"Tanti wanga, Tanti wokongola, mfumukazi ya koko pachilumba chonse!"

"Ukayamba choncho ndiye kuti ukufuna kundibera. Nena msanga."

"Moni, Ticha Merle. Tanti, mukuona nokha mmene zilili. Tingobwereka lachitatuli mphindi khumi zokha."

"Kabwereke tebulo lodyera la amako uwakwezepo."

"Koma Tanti, avula nsapato."

"Nsapato avula. Nanga mafutawo avula? Tanunkhiza, iwe. Bwalo lonse likununkha ngati keke ya kokonati."

Ananena zoona. Alendo a m'sitima amadzola mafuta oteteza khungu ku dzuwa kuyambira pamphumi mpaka kuzala zakumapazi, n'kupoperanso mankhwala a udzudzu pamwamba pake, ndipo awa anali atangochoka kumathithi kumene amadzolanso kachiwiri. Miyendo yawo inali phuliphuli.

Kenaka panafika mayi wa m'sitima, wa yunifomu yoyera, wailesi m'manja, maso pawotchi. Anayankhula mofatsa, ndipo kufatsako n'kumene kunandikwiyitsa koposa.

"Agogo, alendo athu analipira kuti avine koko weniweni. Kapepala kakutero. Tatsala ndi mphindi makumi awiri ndi zisanu. Musadandaule, tikuganizirani kangachepe."

"Sindine agogo anu, mayi. Ndipo koko uyu si wanga woti ndigulitse kupondedwa kwake."

Mayiyo anatembenukira kwa Kellon. Anamuuza kuti alendo akadandaula madzulo, sitimayo isiya kutumiza mabasi ku Morne Sabot, ndipo kampani yake ikauzidwa dzina la wotsogolera amene walephera. Ndinaona thukuta likutuluka pamphuno pa mwanayo. Anatulutsa foni n'kuimbira Bambo Lalgie, amene anali kutauni, ndipo anakweza mawu kuti tonse timve.

"Ermine, usatiyalutse," anatero wapampandoyo. "Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Aloleni mphindi khumi, dzuwa liumitsa."

"Dzuwa liumitsa madzi, Lalgie, osati mafuta. Unayendapo koko liti iwe ndi mapazi ako a muofesiwo?"

"Ndanena ine wapampando. Kellon, masula chingwe."

Ine ndinayankhulapo. Ndinati, "Kellon, mwana wanga, koko wa amako ali pomwepo." Sanandiyang'ane. Anati, "Ticha, ndili ndi mwana wakhanda kunyumba," n'kumasula chingwe. Belu la sukulu linalira nthawi yomweyo, ana n'kulowa m'kalasi, koma ine sindinasunthe.

A Tanti Ermine anakwera pathandala lachitatu n'kuima pakati. Mayi mmodzi alendo zana sangawatchinge, ndipo ankadziwa. Woyamba pamzere anali mayi wachikulire wansangala, wa chipewa chachikulu, amene sankadziwa chilichonse cha zimene zinkakambidwa. Anakweza mwendo wake wonyezimira n'kuponda pangodya.

A Tanti Ermine anayang'ana kuphiri. Kumwamba kunali ngwee, popanda ngakhale kamtambo konga kadzanja. Anadzaza mpweya m'chifuwa.

"Mvulaaa!"

Zimene zinachitika sindinazione bwino chifukwa inenso ndinali nditataya kale mbale ndikuthamanga. Madalaivala anayi onse anadumpha m'mabasi, mmodzi akutafunabe. Amayi ogulitsa anasiya matebulo awo. Bambo wogulitsa madzi a kokonati anaponya chikwanje pansi. Ana anga makumi awiri ndi asanu ndi atatu anatuluka pachipata ngati njuchi. Dalaivala wamkulu, amene tonse timamutcha Giya, ananyamula mayi wa chipewa uja m'chiuno n'kumuika pansi ngati thumba la ufa, akuti pepani, pepani. Ndipo nditagwira mphepete mwa thandala lachitatu, phewa limene linali pafupi ndi langa linali la Kellon. Chikwangwani chake chinali m'fumbi. Ankakankha mano atalumana, akufuula kuti, "Limodzi! Limodzi!" monga amafuulira amayi ake.

Magudumu analira gududu panjanji. Lachinayi, lachitatu, lachiwiri, loyamba, onse analowa mphindi imodzi isanathe. A Tanti Ermine anatsika, anakoka zitseko za shedi, anakhoma loko, kiyi n'kumuponya m'bulauzi.

Apo m'pamene tinayang'ana kumwamba.

Kenaka alendo anayamba kuwomba m'manja. Ankaganiza kuti n'chimodzi mwa zimene analipira. Bambo wina wa kamera yaitali anafunsa Kellon ngati tingabwereze, chifukwa iye anachedwa kujambula. Ndaphunzitsa ana kuleza mtima zaka zonsezi, koma tsiku limenelo ndinaluma lilime mpaka ndinamva magazi.

"Tanti," anatero Giya akupuma wefuwefu, "mvula yanuyo yadzera njira ya ku Gouyave kapena? Tidikire ifika pa basi ya folo?"

Ena anaseka. A Tanti Ermine sanaseke. Anavula duku lalitali lija n'kulipatsa Kellon m'manja.

"Tenga, ukawaveke amene akudziwa kuvina. Iwe unasesa njanji teremu yonse chifukwa cha bodza limeneli. Ine mwandinamitsa ndili ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza chimodzi. Wasangalala?"

Mayi wa yunifomu anali kale pawailesi yake. Mabasi ananyamuka nthawi isanakwane. Atapita, a Tanti Ermine anatsegula shedi, anawola ndi chikho njere zonse za pangodya imene inapondedwa, n'kuthirako zina m'botolo la jamu. Tinakankhanso mathandala kubwerera padzuwa, mwakachetechete.

M'kalasi, Kezia, mtsikana amene safunsa funso lopanda pake, anakweza dzanja.

"Ticha, a Tanti anama?"

"Inde, anama," ndinatero. "Tsekani mabuku, ndikuuzeni amene anawafikitsa pamenepo." Masamu a tsikulo tinawachita Lachitatu.

Sitima ija inachitadi zimene inaopseza, ndipo zina ziwiri zinatsatira. Mabasi sanakwerenso ku Morne Sabot. Kellon anamutsitsira kudoko kukaima ndi chikwangwani padzuwa. Amayi ogulitsa anataya msika wawo, ndipo ena mwa iwo anasiya kupereka moni kwa a Tanti Ermine kutchalitchi. Mkwiyo wawo ndimaumvetsa, koma anaulozetsa kolakwika. Palibe mmodzi anapita kukafunsa kampani chifukwa chimene inagulitsira mipando ya mabasi anayi pa kathandala ka anthu asanu ndi mmodzi.

Lachisanu woyesa anabwera, bambo wowonda wosakonda nkhani. Bambo Lalgie analipo, atakwinya nkhope. Woyesayo anatapa njere m'matumba a thandala lachitatu, anazidula pakati ndi kampeni, anayang'ana mtundu, ananunkhiza, anatafuna. Anatero ndi njere makumi asanu. Kenaka analemba giredi yoyamba pa matumba onse. A Tanti Ermine anatulutsa botolo la jamu lija n'kuliika patebulo. Woyesayo anatsegula, anafikitsa pamphuno, n'kubweza mutu msanga.

"Uyu ndiye wagwera m'bafa mwa ndani? Akanakhala m'matumbamu bwenzi ndikubweza mulu wonse."

A Tanti Ermine anatseka botololo n'kulikankhira kwa wapampando.

"Mame ako aja, Lalgie. Kasunge kuofesi."

Bambo Lalgie sanapepese, ndipo sanalitenge. Lili pawindo la kalasi yanga, ndipo chaka chilichonse ana atsopano amalinunkhiza.

Kuvina koko sikunathe. Tsopano kumachitikira padoko pomwepo, pansi pa tenti, mamita ochepa kuchokera pamene alendo amatsikira. Atsikana awiri ovala maduku aatali amavina m'chimphika cha njere zomwezomwezo zimene zapondedwa chaka chonse. Alendo amakondwa. Kapepala sanakasinthe, mapazi ake akadali a Tanti Ermine, ndipo palibe anawapempha.

Patapita masabata atatu chichokereni pa Lachiwiri lija, Lolemba masana, mvula yeniyeni inatsika m'phiri. A Tanti Ermine anali pathandala loyamba, ndipo anafuula monga mwa nthawi zonse. Ana anga anatuluka osatembenuka. Kellon, amene tsikulo analibe sitima yoti aidikire ndipo anabwera kudzaonetsa khanda kwa amayi ake, anapatsira mkazi wake mwanayo n'kulumpha ngalande. Koma pagolosale panali amuna awiri akuluakulu, alimi a koko, ndipo ndinawaona ndi maso angawa: anakweza nkhope kumwamba kaye, kenaka n'kuthamanga. Thandala lachinayi linalowa madontho atayamba kale, ndipo tinapukuta njere zapamwamba ndi masaka.

Mvula ikuwomba pamalata, a Tanti Ermine anakhala pabokosi lovundikira, madzi akutsika m'ming'alu ya zidendene zawo.

"Mwawaona, Ticha?"

"Ndawaona."

"Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, palibe anayang'anapo kumwamba ine nditafuula."

Ndinafuna kuwauza kuti anthu adzaiwala, koma sindinamiza ana ndipo sindikanayamba ndi iwo. Kellon anaima pakhomo la shedi, malaya atanyowa, osadziwa koika manja.

"Tanti," anatero, "ine sindinayang'ane."

A Tanti Ermine anatembenukira kwa iye.

"Ndakuona. Tenga saka apo, usangoima ngati chikwangwani chako chija. Ngodya iyo ikadali yonyowa."